Nyambo Zomira

Kabokosi kachitsulo kanatseguka kali m'manja mwa Mzime, ndipo zonse zimene zinali m'katimo zinamwazikira pa simenti. Iye sanayang'ane pansi. Anayamba watembenukira mwana wake. Mwanayo anali pakhomo akukwawa, dovu lili chuchuchu, maso ali pa tinthu tonyezimirato.

"Amayi! Dzamutengeni mwanayu! Muno mwagwa mbedza!"

Mayi ake sanamve. Anali kuseri kwa nyumba akutsuka makapu amene anthu odzapepesa maliro ankamwera tiyi. Mzime anamunyamula yekha mwanayo, anamutambasula tizala kamodzikamodzi, anamusuzumira m'kamwa, kenaka anamubereka n'kumanga nsalu mfundo ziwiri. Atatero anagwada n'kuyamba kutola.

Sizinali mbedza wamba. Iliyonse inali yovekedwa. Ina inali yokulungidwa ndi waya wa kopa woonda ngati tsitsi. Ina inali ndi thupi la ulusi wotuwa umene Mzime anauzindikira msanga: juzi yakale ya mayi ake, ija inasowa mosadziwika bwino mpaka kunamizira mbewa. Zina zinali ndi timichira ta nthenga, zina kamkanda kolemera kumutu. Zonse zinkafanana ndi tizilombo tija timakhala pansi pa madzi tisanamere mapiko. Bambo ake ankazitcha nyambo zomira. Moyo wawo wonse ankakonza mamota a mapampu ndi mafiriji m'chipinda chomwechi, ndipo waya wotsala pa ntchitoyo ankathera pa tizilombo tabodzati.

Bambowo anaikidwa m'manda sabata yapitayo. Anapezeka m'mawa atatsamira tebulo lomweli, magalasi ali pamphuno, ngati munthu amene akungoganiza poyambira. Chichokere tsiku limenelo Mzime anali asanagonepo tulo teniteni. Ankayenda m'nyumbamo ngati akuyenda m'madzi ofika m'chiuno. Mawu a anthu ankamufika mochedwa, ndipo kunsi kwa mawu onsewo ankamva mtsinje wa kumunsi kwa munda ukudzilankhulira wokha.

"Ukutola imodziimodzi? Tsache lilipo, iwe."

Anali achimwene ake, ataima pakhomo foni ili m'manja. Ankagwira ntchito mumzinda, ndipo tchuthi chimene anawapatsa chinali pafupi kutha.

"Zina zalowa pansi pa tebulo," anatero Mzime. "Mwana akhoza kumeza."

"N'chifukwa chake ndikuti usese. Tadzuka kaye, tikambe zija."

Zijazo Mzime ankazidziwa. Kumunsi kwa munda kunali kachigawo ka malo kotsata mtsinje, kamiyala yokhayokha, kosamera mbewu iliyonse. Bambo wina wa malole, wogulitsa mchenga ndi miyala kwa omanga nyumba, anakhala akukafuna kwa zaka. Akabwera, bambo awo ankamupatsa tiyi, n'kumufunsa za ana ake, n'kumuperekeza mpaka pa geti osamuyankha kalikonse. Tsopano munthuyo anali atabwera ku maliro, anathandiza kunyamula anthu pa lole yake, ndipo potsanzika anawakokera pambali achimwene.

"Abwera mawa chakum'mawa kudzaona malire," anatero achimwene. "Denga la amayi waliona wekha, mvula ikagwa amagona ndi mabeseni. Mankhwala awo a shuga ukuwadziwa. Iwenso kachipinda kako ka lendi kaja, khoma lonse nkhungu, mwana kumangotsokomola. Amayi akuti malowo abambo anatisiyira awirife, ndiye popanda mawu ako sindingachite kanthu. Ungonena kuti eya, basi, zinazo ndithana nazo ine."

Mzime anali asanawakanirepo kanthu achimwene ake chibadwire. Ndiwo anamulipirira sukulu ya sekondale. Ndiwo anamuthamangitsira kuchipatala tsiku lobadwa mwanayu, bambo a mwana ali kutali ndi basi imene amayendetsa. Anayang'ana kanyambo kamene kanali m'dzanja lake. Kanali kopepuka ngati njere ya mpunga, koma kankazizira.

"Ndamva, achimwene."

"Kumvako ndi eya?"

"Ndamva."

Achimwene anaseka pang'ono, koma maso awo anali ofiira. "Iwe ndi abambo ndinu amodzi. Munthu kukufunsani funso, mumangomuyang'ana ngati mukudikira kuti alitenge abwerere nalo."

Madzulo, dzuwa likadalipo, Mzime ndi mayi ake anakhala pakhonde akupinda malaya a malemuwo. Malaya aliwonse anali ndi kadontho ka girisi pathumba. Mwana anali atagona pa mphasa pakati pawo, ndipo Mzime ankati akapinda dzanja limodzi la malaya, n'kucheukira kachifuwa ka mwanayo kuti aone ngati kakukwera ndi kutsika.

"Akupuma, iwe," anatero mayi ake osadzutsa mutu. "Umutha ndi maso."

"Amayi, kodi kumtsinje kuja abambo ankachitako chiyani kwenikweni? Nsomba yawo ine sindikukumbuka kuti ndinaidyapo."

"Nsomba? Ndani anaidyapo? Ankaigwira, n'kuiyang'ana ngati mlendo, n'kuibweza m'madzi. Munthu kuchoka mbandakucha, kubwera masana atanyowa mpaka m'khwapa, m'manja muli bii, n'kumafunsa kuti ndiwo n'chiyani lero." Anapukusa mutu, n'kusalaza kolala ndi chikhato. "Anzanga ankadandaula za akazi a kumowa. Ine mkazi mnzanga anali mtsinje."

"Nanga inu mukuti bwanji za malowa?"

"Ine usandilowetsemo. Ndinalimbana nawo mtsinje umenewo zaka zonsezi, ndinagonja. Ndikati gulitsani, mudzati nsanje. Ndikati musagulitse, mchimwene wako adzati ndikufuna kufera m'nyumba yodontha. Bambo anu anati ndi anu awiri. Muonane nokha."

Mzime anatchera khutu. Kumunsi, kupitirira nthochi ndi mpanda, madzi ankamveka ngati anthu ambiri akunong'onezana m'chipinda china.

"Bwanji ine sankanditengako?"

"Anakutenga kamodzi uli kamwana. Unalira kuyambira pa mpanda mpaka kumadzi, unkati madzi akukuyang'ana. Anabwera nawe pa phewa, n'kunena kuti uyu timusiye." Mayi ake anamwetulira, kenaka kumwetulirako kunazima. "Amene anaziona ndi mchimwene wako. Loweruka lililonse anzake ali ku mpira, iye ali chiimire m'madzi ozizira mpaka milomo kuda, osaloledwa ngakhale kutsokomola. Atangokula analumbira kuti sadzapondakonso. Usamuone ngati wouma mtima. Iye mtsinje uja anaudziwira kuzizira kokha."

Kutacha kunali nkhungu. Mzime anali pakhonde akuyamwitsa pamene anamva belu la njinga pa geti, kamodzi kokha, kenaka zii. Anali aTelala, mnzawo wa bambo ake, nkhalamba yaifupi ya ndevu zoyera imene inkasoka zovala pamsika. Ndodo yowedzera inali itamangidwa pa njingayo. Anaima pamenepo atagwira chipewa, nkhope ili ndi manyazi.

"Pepa, mwana wanga. Miyendoyi ndiyo yandibweretsa. Lero Loweruka. Ndazindikira nditaliza kale belu."

Anayamba kutembenuza njinga. Mzime anamva mawu akutuluka m'kamwa mwake asanawaganize.

"Dikirani. Munditengeko."

Kumusiya mwana kunatenga nthawi. Mzime anawauza mayi ake za phala kuti lisatenthe, za chitseko cha chipinda cha mamota kuti chikhale chotseka, za kachipewa, za mphaka wa eni nyumba yoyandikana, za mabatani a pa tebulo.

"Ndinalera awiri, palibe amene anameza mphaka," anatero mayi ake, akumulanda mwanayo. "Pita, usanasinthe maganizo."

Majombo a bambo ake anali kuseri kwa chitseko, aatali ofika m'ntchafu. Mapazi ake ankasambira m'menemo. Anatsika kanjira ka m'munda akukhwekhwereza, ndodo ya bambo ake ili m'dzanja, kabokosi kali m'thumba, aTelala ali patsogolo. Nkhungu inali itatsekereza chilichonse. Mitengo inkatulukira umodziumodzi, n'kubwereranso. Kenaka phokoso lija ankalimva kunyumba linakula, linamuzungulira mbali zonse, ndipo anaona madzi.

Mtsinjewo unali waung'ono kuposa mmene unkakhalira m'mutu mwake. Munthu wamphamvu akanatha kuponya nsapato kutsidya. Madzi ake anali oyera mbee, ankagudubuka pamiyala yobulungira, n'kukapuma m'kadziwe kobiriwira pansi pa mtengo wopendekeka, n'kuyambanso kuthamanga. Utsi wa nkhungu unkanyamuka pamwamba pake ngati madziwo angophulidwa kumene.

"Tiyambira kumunsi, tizikwera," anatero aTelala motsitsa mawu. "Nsomba zonse zimayang'ana kumene madzi akuchokera, kudikira chakudya. Ukazidzera kumbuyo sizikuona. Ponda pang'onopang'ono, ngati ukutuluka m'chipinda mwana atangogona."

Kuponda koteroko Mzime ankakudziwa. Analowa. Kuzizira kunamugwira miyendo kudzera m'majombo, ndipo madzi anayamba kumukankha mawondo mofatsa koma mosalekeza. Anaganiza za kuterereka, za mutu kumenya mwala, za mwana kukula wopanda mayi, anthu n'kumati anafera nsomba. Anaima mpaka maganizowo anadutsa pamodzi ndi tsamba lina louma.

ATelala anatsegula kabokosi kaja n'kuyang'anamo nthawi yaitali.

"Kusankha ankadziwa ndi bambo ako. Ine ndimangotenga yotuwa, ndikalephera ndimanamizira nyengo." Anamangirira kanyambo kunsonga ya chingwe choonda chosaoneka bwino, kenaka chapamwamba pake, kutalika kwa mkono ndi theka, anamangapo kaubweya kofiira. "Anthu amaganiza kuti nsomba zimadya pamwamba, chifukwa ndi pomwe amaziona zikudumpha. Zimenezo n'zapatchuthi. Tsiku ndi tsiku zimadyera pansi, tizilombo timene madzi akokolola. Ndiye nyambo yako imire, iziyenda pafupi ndi miyala ngati kanthu kopanda mwini. Iwe suiona. Nsombanso suiona. Chimene uli nacho ndi kaubweyaka basi."

"Nanga ndidziwa bwanji?"

"Kakaima, kakagwedera, kakachita chilichonse chimene madzi sakuchita, kweza ndodo. Usafunse kuti n'chiyani. Kukweza n'kwaulere."

Anamulozera pamene madzi othamanga ankakumana ndi madzi odekha, mzere wa tithovu ukutsetsereka pakati pake.

"Ukuona msoko uwo? Nsalu ziwiri zakumana. Nsomba imakhala mbali yodekhayo kuti isatope, pakamwa pali mbali yothamangayo. Ulesi wanzeru, ngati wa mlamu wanga. Usaponye patali. Ingoigwetsa chakumtunda kwako, ukweze ndodo kuti chingwe chisagone pamadzi, ndiye uziitsatira ndi dzanja pa liwiro la thovulo. Usaikoke, usaichedwetse. Ukaikoka pang'ono pokha, nsomba imadziwa kuti kali ndi mwini."

Kuponya koyamba kunakola nthambi. Kwachiwiri kunakola chipewa cha aTelala, amene anati chipewacho chagwidwapo kale ndi akatswiri oposa iye. Kachitatu kanyambo kanagwa m'madzi ndi kaphokoso kakang'ono, n'kuzimirira. Kaubweya kofiira kanakhala pamwamba, kanayamba kutsika ndi msoko uja, kakumuyandikira, kakumudutsa. Kanagwedera. Mzime anakweza mwamphamvu.

"Mwala," anatero aTelala. "Ndiye kuti wafika pansi. Ponyanso."

Kanagwederanso. Tsamba. Kenaka mwala. Kenaka kamtengo. Kenaka palibe chilichonse.

"Ndikungodzidzimuka ndi zachabe," anatero Mzime.

"Ndiye ntchito yakeyo. Ine zinanditengera zaka kuti ndiphunzire kudzidzimuka. Ndinkadikira kuti nditsimikize kaye, pomwe nsomba yalawa kale n'kulavula. Iwe unabadwa nazo."

Mzime anayang'ana kaubweya kaja. Palibe amene anamuuzapo kuti mantha ake angakhale ndi ntchito. Kunyumba, kusukulu, kuchipatala, onse ankangoti mtima pansi, ukuganiza kwambiri. Koma kuno kuyang'ana kwake kuja, kumene amayang'anira kachifuwa ka mwana, kunali ndi pokhala. Anaponya, anatsatira, anakweza. Anasuntha phazi limodzi, anaponyanso.

Sanadziwe nthawi imene nkhungu inachoka. Anangoona kuti madzi asanduka agolide, ndipo mithunzi ya masamba ikuyenda pansi pamiyala. Atayang'ana kaubweya nthawi yaitali, zinayamba kuoneka ngati madzi aima ndipo iye ndi amene akuyenda, iye ndi mitengo ndi gombe lonse, akukwera chakumtunda mwakachetechete. Phokoso la mtsinje linalowa m'mutu mwake n'kutsuka mawu onse a sabata imeneyo, nyimbo za maliro, mapepeso, kulira kwa azakhali. M'majombo muja mapazi ake anapeza timaenje timene zala za bambo ake zinakumba pa zaka zambiri, ndipo anaponda momwemo. Anaona ngati akacheuka awapeza ataima kumbuyo kwake, magalasi ali pamphuno, osanena kanthu monga mwa masiku onse. Kunyumba kusalankhula kwawoko kunkamuopsa, ankaganiza kuti wawalakwira. Kuno anamva kuti kunali kusalankhula kwa munthu amene akumvetsera chinthu chimene chili pansi.

Kaubweya kanaima. Sikanamire, sikanagwedere. Kanangoima kamphindi, thovu likudutsa.

Mzime anakweza, ndipo chimene ankayesa mwala chinayankha. Chingwe chinanjenjemera, ndodo inawerama, ndipo kanthu kamoyo kanagunda m'dzanja lake, kamodzi, kawiri, monga mmene mwana anagundira koyamba m'mimba ali pamzere wa kuchipatala. Pansi pa madzi panang'anima mimba yoyera ndi mawanga ofiira. Kenaka chingwe chinalefuka.

"Yapita! Ndalakwitsa chiyani?"

"Palibe." ATelala ankaseka, koma ankapukuta m'maso ndi chipewa. "Tayang'ana mbedzayo. Kadzino kaja kamakaniza nsomba kutuluka, bambo ako ankakaphwanya ndi pulayala pa mbedza iliyonse, kuti isang'ambe pakamwa. Theka la nsomba zake zinkathawa choncho. Ndikamuseka ankati yapereka moni, ukufunanso chiyani."

Anakhala pa mwala waukulu wa pagombe kuti miyendo itenthedwe. Mzime anagoneka ndodo pamiyendo.

"Malole akabwera, chimachitika n'chiyani?" anafunsa.

ATelala anayang'ana madzi. "Amayamba ndi miyala, kenaka mchenga. Madzi amasanduka a tiyi. Tizilombo timatha, nsomba n'kutsatira. Kumunsi kwa mlatho kunali ngati kuno." Anavala chipewa chake. "Koma denga la mayi ako nalonso ndi denga. Ine ndili ndi malata abwino, ndiye pakamwa panga n'posavuta. Usandifunse ine."

Mawu a anthu anamveka m'kanjira ka m'munda. Anatulukira bambo wa malole, wonenepa, wansangala, makiyi akulira m'lamba. Kumbuyo kwake kunali achimwene, atavala nsapato zawo za ku ofesi, akuponda mosamala. Ataona Mzime ali m'majombo aja, ndodo ili pamiyendo, anaima. Nkhope yawo inasintha ngati aona munthu wina. Kenaka anayang'ana kumbali.

"Mwana wamusiyira ndani?"

"Ali ndi amayi."

"Zodabwitsa sizitha."

"Achemwali, pepaninso ndi zovutazi," anatero wa malole, akugwira pachifuwa. "Malemu anali munthu. Pampu yanga ina anaidzutsa itafa kawiri. Tiyi wawo ndamwa wambiri, yankho lokha ndi limene sindinalawe." Anaseka yekha, kenaka anayang'ana uku ndi uku ndi maso a ntchito. "Eee, koma chuma chagona apa. Msewu tidzadzera pa nthochi paja. Mtengo wopendekekawo uchoke, lole izifika mpaka m'madzi. Miyezi ingapo, mayi adzakhala m'nyumba yoti mvula izichita manyazi."

Anawerama m'mphepete mwa madzi, anazula mwala wonga mutu wa mwana, anauyeza kulemera m'dzanja, n'kuuponya pa udzu pafupi ndi mapazi a Mzime.

"Taonani mwala umenewo. Wa maziko weniweni."

Mwalawo unagwa chagada. Kunsi kwake kunali kwakuda, konyowa, ndipo kunkayenda. Mzime anawerama. Tizilombo tambirimbiri tinali balalabalala, tina taphanthiphanthi tothamangira m'mbali, tina tokhala m'timachubu timene tinadzimangira ndi njere za mchenga, tikutulutsa timitu n'kubwezanso. Kena kanali kataima pakati, kakugwedeza timichira, kakufunafuna madzi amene analipo kamphindi kapitako. Dzuwa linayamba kuumitsa mwalawo kuchokera m'mphepete, ndipo tonse tinkathawira pakati pamene panali pakadali chinyezi.

"Mzime," anatero achimwene. "Bambowa ali ndi ntchito zina. Tiyankhe."

Mzime anadzutsa mutu. Anamva magazi akulira m'makutu pamodzi ndi mtsinje. Anaganiza za mabeseni a mayi ake, za khoma la nkhungu, za yunifolomu ya sekondale imene achimwene anabwera nayo m'pepala la pulasitiki akumwetulira. Anadikira kuti atsimikize, koma anadziwa kuti sadzatsimikiza.

"Ayi, achimwene."

"Wati chiyani?"

"Ayi."

Wa malole anayang'ana wina, n'kuyang'ana mnzake, kenaka anaseka mopanda mkwiyo. "Koma uyu ndiye wandiyankha. Malemu akanandiuza choncho kalekale, bwenzi nditapulumutsa mafuta." Anagwirana chanza ndi achimwene. "Geti ndikulidziwa, nambala muli nayo. Mvula ikayamba anthu amaganiza bwino." Anakwera kanjira kaja makiyi akulira.

Achimwene anadikira mpaka kulirako kutazimirira.

"Nanga denga? Ufolera ndi nsomba zothawa?"

"Ndibwera kudzakhala ndi amayi. Za lendi zija zizipita ku malata, pang'onopang'ono. Zida za mamota tikhoza kugulitsa."

"Pang'onopang'ono! Mvula idzakudikira? Bambo a mwana wawafunsa?"

"Ayi."

"Waphunzira liwu limodzi, ndiye ulimaliza lero lomwe." Mawu awo anakwera, kenaka anasweka. "Ukudziwa chiyani za malo ano iwe? Wabwera m'mawa umodzi dzuwa likuwala. Ine ndakulira m'madzi amenewa. Ndinkaima apo, apo pomwe, mano akugundana, kudikira kuti mwina abambo anena kuti wachita bwino mwana wanga. Ankangoloza madzi ndi chibwano. Ndipo amayi akadwala, foni idzalira kwa ine, osati kwa nsomba."

"Ndikudziwa, achimwene. Pepani."

"Usapepese ngati susintha."

"Sindisintha. Koma pepani."

ATelala anali atatembenukira kumbali, akulimbana ndi mfundo imene sinali yovuta. Achimwene anapukuta kumaso ndi chikhato, anatembenuka, n'kuyamba kukwera kanjira. Mzime anawayang'ana kumsana. Mapewa awo anali ngati a bambo, okwera mbali imodzi. Anadziwa kuti masiku akubwerawa akawaimbira foni sadzamuyankha.

Atafika pa nthochi, achimwene anaima. Anakhala choncho atapereka msana, manja ali m'chiuno, ngati akukangana ndi munthu wosaoneka. Kenaka anatukwana chapansipansi n'kubwerera. Sanamuyang'ane Mzime. Anafika pa udzu paja, anawerama, n'kunyamula mwala uja ndi manja awiri, mbali yonyowa ili m'mwamba, osagwira pamene panali tizilombo.

"Tsiku lina abambo anandibweza tili kale pa mpanda," anatero, osauza munthu aliyense. "Akuti wasiya nyumba ya eni ake chagada."

Analowa m'madzi ndi nsapato za ku ofesi zomwezo. Anayang'anayang'ana mpaka anapeza kadzenje kamene mwalawo unachokamo, m'mene mchenga unali usanadzaze. Ananjuta, mathalauza akunyowa, n'kuutsitsa pang'onopang'ono. Sunakhale bwino. Anaudzutsanso, anauzunguza pang'ono, n'kuuzunguzanso, kufikira unalowa m'malo mwake ndipo madzi anayamba kuudutsa mosalala ngati sunachokepo. Dzanja lawo linatsala pamwamba pa mwalawo, pansi pa madzi ozizira, nthawi yaitali kuposa imene inkafunika.